Zilembo zimene ankati n'zinyalala, ndi makompyuta amene akuphunzira kuziwerenga

Tsiku limene mwana wa aneba athu anagwa kachitatu, anthu anadzaza pakhonde popanda wowaitana. Mwanayo anali atagonekedwa pamkeka, thovu litaumira m'mbali mwa kamwa, mayi ake akumukupiza ndi nsonga ya chitenje. Asanatsitsimuke n'komwe, mlandu unali utayamba. Agogo ake akuchikazi anati: "Kwathu kuno chiyambire sitinaonepo wogwa khunyu. Izi zabwera ndi akuchimuna." Agogo akuchimunawo, amene anali atangotsika pa kabaza kuchokera kutsidya la mlatho, sanachedwe kubweza: "Asewere, mukatero mukutilakwira. Ana asanu ndi awiri ndinalera ine, palibe anagwapo." Mayi wina ananong'oneza kuti mwina ndi majini, kuli bwino apite naye kwa ashehe. Kenako onse anatembenukira kwa ine, poti ndinaphunzitsapo sayansi kusekondale: "Aphunzitsi, tatiuzani, kodi zimenezi n'zakumtundu?"

Ndinayankha mozemba, ndikuvomera. Funsolo ndi lalifupi koma yankho lake limadutsa m'malo amene akatswiri enieniwo angoyamba kumene kuona njira, ndipo akuiona mothandizidwa ndi makompyuta ophunzira okha, aja timawamva kuti AI.

Tichotse kaye msampha wa mawu. Kachidutswa ka chibadwa kamene mwana amatengera kwa makolo asayansi amakatcha gene. Mawuwa ukawatchula m'kamwa mwathu amamveka "jini", ndipo kuno ku Mangochi ukauza kholo kuti mwana wake akudwala chifukwa cha majini, lidzamva nkhani ina ndithu, lidzayamba kufunsa za lubani. Choncho ine ndizilemba gene monga alembera eni ake.

Thupi linamangidwa ndi maselo, tizipinda tosaoneka ndi maso. M'kati mwa selo muli ulusi wotchedwa DNA, wolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mwana amalandira zilembo zoposa 3 biliyoni kwa mayi ndi zina zoposa 3 biliyoni kwa bambo. Ntchito yowerenga zilembo zonsezi koyamba inayamba mu 1990 ndi kulengezedwa kuti yatha mu 2003, ngakhale mipata yotsala inatsekedwa mu 2022. Chimene anapeza chinawachititsa manyazi pang'ono. Ma gene amene amapanga mapuloteni, zipangizo zimene thupi limagwiritsa ntchito, alipo pafupifupi 20,000 okha, ndipo onse pamodzi sakwana zilembo 2 pa zilembo 100 zilizonse. Nanga 98 zotsalazo? Kale mu 1972 katswiri wina, Susumu Ohno, anali atatchukitsa dzina loti ndi DNA yazinyalala, ndipo dzinalo linakakamira kwa zaka zambiri.

Mbali ina ya izo mwina ndi zinyalaladi. Mkangano umenewo sunathe. Koma pakati pa zinyalalazo pali malangizo. Taganizani kapepala kapulasitiki kamene amakupatsani pawindo la mankhwala kuchipatala. M'kati muli mapilitsi. Panja pali zolemba: limodzi m'mawa, limodzi masana, limodzi usiku, ndi tizithunzi ta dzuwa ndi mwezi ta amene sadziwa kuwerenga. Mapilitsiwo ndiwo ma gene. Zolemba zapanja ndizo gawo la DNA limene silipanga puloteni. Mapilitsi akhoza kukhala abwinobwino, osatha mphamvu, koma wolemba akalakwitsa n'kuika 8 pamene pamayenera 3, wodwala avulala. Akafufuta chithunzi cha mwezi, mankhwala ausiku sadzamwedwa. Ukatsegula kapepalako n'kuunika mapilitsi okha, sudzapeza cholakwa. Kwa zaka zambiri madokotala a zachibadwa ankaunika mapilitsi okha.

Amene akukayika kuti malangizo okha angasinthe cholengedwa apite padoko m'mawa pamene mabwato akukocheza. Ncheni ndi yaitali ngati mpeni, mano panja, imasaka nsomba zinzake. Utaka umayenda m'chigulu pakati pa madzi, kudya tizilombo toyandama. Mbuna, zija zamitundu yowala zimene alendo amakaona ku Cape Maclear, zimapala ndere pamiyala. Mu 2018 gulu la Milan Malinsky ndi Richard Durbin linawerenga DNA ya mitundu 73 ya nsomba za m'banja limeneli za m'nyanja yathu, ndipo linapeza kuti mtundu ndi mtundu zimasiyana chilembo chimodzi kapena ziwiri ndi theka pa zilembo 1,000. Kusiyana kochepa chotero, koma palibe mlovi angasokoneze ncheni ndi utaka. Karen Carleton wa ku yunivesite ya Maryland anaonetsanso kuti nsombazi zili ndi ma gene 7 ofanana oonera mitundu, koma mtundu uliwonse nthawi zambiri umayatsa atatu, ena n'kuwasiya ozima. Motero zina zimaona kuwala kumene zinzake sizikuona. Nyale ndi zomwezo, maswichi ndi amene akusiyana.

Mwa munthu zili chimodzimodzi. Selo ya m'chiwindi ndi selo ya mu ubongo zili ndi DNA yofanana ndendende; chimasiyana ndi ma gene amene ayatsidwa, nthawi yake ndi mlingo wake. Maswichi ena amakhala pakhomo penipeni pa gene. Ena, otchedwa enhancer, amakhala kutali, nthawi zina zilembo 1 miliyoni kuchokera pa gene imene amailamulira. Zimatheka chifukwa ulusi wa DNA wa mu selo imodzi utautambasula ungafike mamita awiri, ndiye umapindidwa kuti ukwane. Aliyense amene anaonapo chilimira ataunjikidwa m'bwato akudziwa kuti mfundo ziwiri zimene pamadzi zimatalikirana, m'bwatomo zimagundana. Vuto la wofufuza ndi lomwelo: swichi uyu akugundana ndi gene iti, mu selo iti, pa msinkhu uti?

Matenda a ubongo ndi amene anakakamiza asayansi kutenga funsoli mozama. Ena anali odziwika kale. Fragile X, amene amachedwetsa nzeru za ana, makamaka aamuna, anapezeka mu 1991 kuti amayamba pamene zilembo CGG zabwerezedwa koposa ka 200 kumayambiriro kwa gene yotchedwa FMR1. Puloteni yake siinaonongeke, koma gene yonse imazima. Mu 2011 kunapezekanso kubwerezabwereza kwa GGGGCC m'chigawo chosapanga puloteni cha gene ya C9orf72, komwe kumayambitsa matenda opuwalitsa minofu a ALS ndi mtundu wina wa kusokonezeka mutu kwa akuluakulu. Awa ndi zolakwa zazikulu, zoonekera patali.

Zovuta ndi zazing'ono. Kuyambira cha m'ma 2005 ofufuza akhala akutenga anthu zikwizikwi odwala ndi ena osadwala, kuyerekeza zilembo zawo, kuti aone zimene zimapezeka kwambiri mwa odwala. Pa schizophrenia, matenda a misala aja munthu amamva mawu a anthu osaoneka ndi kukhulupirira kuti akumulondalonda, gulu la Psychiatric Genomics Consortium linapeza malo 108 mu 2014. Mu 2022, litayerekeza odwala oposa 76,000 ndi anthu ena oposa 240,000, malowo anafika 287. Koma pafupifupi 9 mwa zizindikiro 10 zopezeka m'kafukufuku wamtunduwu, pa matenda osiyanasiyana, zimagwera kunja kwa zigawo zopanga mapuloteni. Ndipo chizindikiro chilichonse chimangoloza mudzi, osati nyumba. Zilembo zoyandikana zimatengedwa kwa makolo pamodzi ngati phava la nthochi, choncho pamalo amodzi pangakhale zilembo makumi kapena mazana zoganiziridwa, cholakwa chenicheni chili chimodzi kapena ziwiri. Kuwonjezera apo, chilichonse mwa izo chimakankha pang'ono zedi. Palibe gene ya misala. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, mmodzi akadwala schizophrenia, mwayi woti winayo adwalenso sudutsa theka.

Tsono bwerani kwa munthu mmodzi, mwana wathu wapamkeka uja. Mutawerenga DNA yake yonse n'kuiyerekeza ndi DNA imene dziko lonse limayezerapo, mupeza malo pakati pa 4 miliyoni ndi 5 miliyoni osiyana, ndipo ife Aafirika timakhala kumapeto apamwamba a chiwerengerocho. Ochuluka mwa malowa alibe vuto lililonse. Mwa iwo muli zilembo zatsopano pafupifupi 60 kapena 70 zimene mayi alibe, bambo alibe. Zinasintha zokha pamene mbewu ya bambo kapena dzira la mayi linkapangidwa. Izi ndinkafuna agogo awiri aja akanazimva: matenda akhoza kukhala a m'chibadwa koma osakhala akumtundu kwa aliyense. Kaya zili choncho, palibe labotale padziko imene ingayese zilembo mamiliyoni chimodzichimodzi kuti ione choyipa n'chiti. Apa ndi pamene kompyuta ikulowera.

Mmene imaphunzirira si zamatsenga. Kuyambira 2003 ntchito yotchedwa ENCODE, ndi zinzake monga GTEx, zakhala zikuyeza maselo amitundu mazanamazana: pati ulusi wamasuka ndipo pati wamangika, mapuloteni olamulira akukhala pati, gene iliyonse ikuwerengedwa mochuluka bwanji. Zoyezedwazi ndiye mayankho. Pulogalamu imapatsidwa chidutswa cha zilembo chokha, n'kufunsidwa: mu selo ya ubongo, pamenepa patseguka kapena ayi? Poyamba imangolota. Imaonetsedwa yankho, imakonza timanambala take ta m'kati, imapatsidwa chidutswa china. Ikabwereza zimenezi kambirimbiri imayamba kuzindikira yokha kuti timagulu tina ta zilembo, tikakhala motere ndi motalikirana motere, timayatsa gene mu selo yakuti. Palibe amene amaiuza malamulowo, ndipo ambiri a iwo anthu sanawalembepo. Aphunzitsi anzeru amabisa zigawo zina za DNA kuti zikhale mayeso, monga ife tinkabisira mafunso a kumapeto kwa teremu, kuti aone ngati mwana wamva kapena wangoloweza.

Ikakhoza mayeso, pamabwera ntchito yeniyeni, ndipo ndi yophweka modabwitsa. Umaipatsa chidutswa chimodzi kawiri. Koyamba monga chilili mwa anthu ambiri. Kachiwiri utasintha chilembo chimodzi, monga chilili mwa wodwala. Kenako umayerekeza mayankho awiriwo. Akafanana, chilembocho mwina chilibe kanthu. Akasiyana kwambiri, makamaka akasiyana m'maselo a ubongo okha, chilembocho chimakwera pamndandanda wa oganiziridwa. Tonse timadziwa kuti "mwana" ndi "mwala" zasiyana chilembo chimodzi koma ukatuma munthu kukanyamula chimodzi mwa izo, zotsatira zake si zofanana. Pamene "Malawi" ndi "Malaŵi" aliyense amva chimodzimodzi. Kompyutayo ikuphunzira kusiyanitsa kusintha kwa mtundu woyamba ndi kwa mtundu wachiwiri, m'chilankhulo chimene palibe munthu anabadwa akuchilankhula.

Yoyamba kutchuka inali DeepSEA, ya Jian Zhou ndi Olga Troyanskaya a ku Princeton, mu 2015. Inkaona zilembo 1,000 nthawi imodzi, kutanthauza kuti enhancer yakutali sinkaiona. Enformer, ya kampani ya DeepMind ya ku London mogwirizana ndi kampani ya Calico, inafika pafupifupi 200,000 mu 2021. Mu June 2025 DeepMind inalengeza AlphaGenome, yoona zilembo 1 miliyoni. Mpikisano wonse wakhala wa kutalikitsa maso.

Zapindulanji? Mu 2019 gulu la Troyanskaya linaunika mabanja 1,790 amene ali ndi mwana mmodzi wa autism, uja amachedwa kulankhula, sakonda kuyang'ana anthu m'maso ndipo amabwerezabwereza chinthu chimodzi, ndi m'bale wake wopanda vutolo. Anaunika zilembo zatsopano zija za kunja kwa ma gene. Kuchuluka kwake kunali kofanana mwa ana onse awiri, koma kompyuta inati za ana a autism zinali zowononga maswichi koposa za abale awo. Kusiyanako n'kochepa, kumaoneka ukaphatikiza mabanja onse, sikungakuuze za mwana mmodzi. Komabe unali umboni wakuti kunjako kuli kanthu.

Imene yalowa kale m'ntchito ya tsiku ndi tsiku m'malabotale ndi SpliceAI, ya kampani ya Illumina, ya mu 2019. Gene sinalembedwe mondondoza. Ili m'zidutswa, pakati pake pali zigamba zosafunika zimene selo imadula isanasoke zidutswa zenizenizo. Zili ngati telala amene walemba nsalu ndi choko: dula apa, lumikiza apa. Chilembo chimodzi chikasintha m'kati mwa chigamba chotayidwa, chikhoza kuoneka ngati mzere wa choko, lumo n'kudutsa polakwika, malaya n'kutuluka ndi dzanja limodzi. SpliceAI imaloza mizere yabodza yotereyi, ndipo eni ake anawerengera kuti pafupifupi chimodzi mwa zolakwa 10 zoyambitsa matenda osowa a m'chibadwa ndi cha mtundu umenewu. Ubwino wake ndi wakuti zimene yanena zingathe kuyesedwa: utenga maselo a wodwala n'kuona ngati anadulidwadi polakwika.

Kudziwa selo imene swichi ikugwiramo ntchito kwasinthanso maganizo pa Alzheimer, kuiwalaiwala kwa okalamba kumene kwathu kuno kwachititsa agogo ena kunenedwa ufiti. Aliyense ankayang'ana maselo otumiza mauthenga. Mu 2019 gulu la Christopher Glass ku San Diego linapeza kuti zilembo zambiri zokhudzana ndi matendawa zili m'ma enhancer a microglia, maselo osesa ndi kulondera mu ubongo. Atadula enhancer imodzi ya gene ya BIN1, gene inazima mwa microglia mokha, m'maselo ena inapitiriza kuyaka. Izi sizinachitike ndi kulosera kwa kompyuta. Anachita ndi manja mu labotale. Ndazitchula chifukwa mayeso otere ndi amene amadyetsa mapulogalamuwa, ndiponso ndi amene amawaweruza.

Ndipo akaweruzidwa sikuti amakhoza nthawi zonse. Mu 2023 magulu awiri anaika Enformer pa mayeso ena. Limodzi, la Sara Mostafavi ku yunivesite ya Washington, linatenga DNA ndi zoyezedwa za mu ubongo wa anthu oposa 800 amene anamwalira, n'kufunsa pulogalamuyo kuti inene yemwe gene yakuti inali yoyaka kwambiri mwa iye ndi yemwe inali yofooka. Pa kusiyanitsa gene ndi gene inzake inkakhoza. Pa kusiyanitsa munthu ndi munthu inalephera pa ma gene ambiri, ndipo kangapo inkatembenuza, kunena kuti chilembo chikukweza pamene chikutsitsa. Chifukwa china n'chakuti inaphunzira pa DNA yoyezerapo imodzi ija, imene pafupifupi magawo 7 mwa 10 ake anachokera kwa bambo mmodzi wa ku Buffalo, ku New York. Inawerenga buku limodzi mwakhama, sinaone mmene mabuku a anthu ena amasiyanirana.

Ubongo nawo uli ndi nkhanza zake kwa wofufuza. Magazi ungatenge lero ndi mawa. Ubongo wa munthu wamoyo sungadule kuti ukaunike. Mapu amene anatuluka mu 2023 anapeza mitundu ya maselo yoposa 3,000 mu ubongo wa munthu, ndipo maswichi ambiri ofunika amayaka mwana akali m'mimba, kwa masabata ochepa, kenako n'kuzimiratu. Pulogalamu singadziwe za selo imene sinaionepo. N'chifukwa chake ine ndikamva wina akuti kompyuta yapeza choyambitsa matenda, ndimatsitsako mawuwo: yachepetsa oganiziridwa kuchoka pa mamiliyoni kufika pa makumi. Ili ngati siginala pa usodzi wa usipa. Amayatsa nyali, amaona mmene madzi akuchitira, amakuwa kuti ponyani apa. Siginala wabwino amapulumutsa mafuta ndi usiku wonse. Koma nsomba zimawerengedwa ukonde ukakwera m'bwato. Apa ukondewo ndi kusandutsa maselo a khungu kapena a magazi a munthu kukhala maselo a ubongo m'mbale, kusintha chilembocho ndi lumo lodulira DNA lotchedwa CRISPR, n'kuona ngati zimene kompyuta inanena zachitikadi.

Nthawi zinanso chimafunika si pulogalamu yochenjera, koma kungoyang'ana kumene kunali kusayang'anidwa. Mu 2024 magulu awiri, lina la Nicola Whiffin ku Oxford, lina la Ernest Turro ku New York, anapeza m'zosungidwa za Genomics England, bungwe la ku England losonkhanitsa DNA ya odwala, kuti ana ambiri ochedwa kukula nzeru, ena ogwa khunyu, amene mayeso onse analephera kuwafotokoza, anali ndi kusintha m'ka gene kosapanga puloteni kotchedwa RNU4-2, ka zilembo 141 zokha. Akuti kakhoza kufotokoza ana pafupifupi 4 mwa 1,000 a mavuto amtunduwu. Kanabisala nthawi yonseyi chifukwa mayeso ofala amawerenga 2 pa 100 ija yokha.

Mbali imene imandipweteka mtima ndi iyi. Pofika mu 2019, mwa anthu onse amene anali atalowa m'kafukufuku wamkulu woyerekeza odwala ndi osadwala, pafupifupi 8 mwa 10 anali ochokera ku makolo a ku Ulaya; a makolo a mu Africa anali 2 kapena 3 pa 100. Chonsecho anthu anayambira kuno, ndipo kusiyanasiyana kwa chibadwa kwakukulu kuli kuno. Mu 2020 ntchito ya H3Africa inawerenga DNA ya anthu 426 okha a mitundu 50 m'mayiko 13, n'kupeza zilembo zosiyana zoposa 3 miliyoni zimene zinali zisanalembedwepo. Dokotala akapeza chilembo chachilendo mwa mwana wa ku Makanjira, funso lake loyamba ndi lakuti, kodi n'chosowadi kapena theka la mudzi lili nacho? Nkhokwe za kunja sizingamuyankhe bwino, ndipo mlingo wa kompyuta wopanda yankho limenelo ungamusokeretse.

Zimene zimatayika zinaoneka mu 2023. Njideka Okubadejo wa ku yunivesite ya Lagos ndi anzake anaunika odwala Parkinson pafupifupi 1,500, matenda aja a manjenje ndi kuuma thupi, a ku Nigeria ndi a ku America a makolo a mu Africa. Anapeza chilembo m'chigamba chotayidwa cha gene ya GBA1. Wokhala nacho kuchokera kwa kholo limodzi mwayi wake wodwala umakwera kamodzi ndi theka. Kwa makolo onse awiri, katatu ndi theka. Mwa Azungu chilembochi n'chosowa kwambiri, choncho zaka zonse za kafukufuku wa kumeneko sizikanachipeza. Chaka chotsatira kunapezeka kuti chimasokoneza kudula kwa telala uja. Palinso mwayi wina: mwa Aafirika maphava a zilembo zotengedwa pamodzi ndi aafupi, motero chizindikiro chimaloza pafupi ndi nyumba yeniyeni. Magazi athu angathandize ngakhale odwala a ku Ulaya. Pa matenda a misala, ntchito ya NeuroGAP-Psychosis inasonkhanitsa malovu a anthu zikwi makumi angapo ku Ethiopia, Kenya, Uganda ndi South Africa.

Chitsanzo china chili m'thupi mwa pafupifupi aliyense amene akuwerenga izi. Pakhomo pa gene ya Duffy, ambiri a ife a kum'mwera kwa Sahara tili ndi C pamene anthu ena ali ndi T. Chilembo chimodzichi chimazimitsa gene imeneyi m'maselo ofiira a magazi okha, ndipo potero chimatsekereza kwambiri malungo a mtundu wa vivax. Chimachititsanso kuti asilikali ena a m'magazi, ma neutrophil, aoneke ochepa pa mayeso, munthu ali bwinobwino. Tsono clozapine, mankhwala amene amapatsidwa schizophrenia ikakana mankhwala ena, amafuna kuti ma neutrophil aziyezedwa, ndipo malire ake anaikidwa poyang'ana Azungu. Kwa zaka zambiri odwala akuda ku UK ndi ku America ankakanizidwa kapena kusiyitsidwa mankhwalawa chifukwa cha swichi imene inali kuwateteza, mpaka malamulo atakonzedwa. Ndipo kuti swichi ikhoza kusanduka mankhwala zinatsimikizika kumapeto kwa 2023, pamene UK ndi America anavomereza Casgevy, mankhwala a sickle cell, matenda a m'magazi otengera kwa makolo: sikonza gene yolakwikayo, imadula enhancer ya gene ina, BCL11A, kuti thupi liyambenso kupanga magazi a ukhanda. Mtengo wake ku America unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi mu 2023. Ndingosiyira pomwepo.

Kuti zoterezi zifike kwa ife pafunika magazi kapena malovu a anthu a kuno, ndipo amene akukumbukira mphekesera za opopa magazi za mu 2017, zimene zinayambira ku Mulanje n'kuphetsa anthu, akudziwa kuti kupempha magazi si nkhani yongofika ndi fomu. Pafunika mfumu imve, shehe amve, abusa amve, ndipo wopereka auzidwe m'Chiyao kapena m'Chichewa chomveka kumene DNA yake ikupita ndi amene adzaione, pakuti DNA ya munthu imaululanso za abale ake amene sanasaine chilichonse. Sukulu ya zachipatala imene tsopano ndi KUHeS yakhala ndi nthambi yake kuno ku Mangochi kwa zaka zambiri, kotero poyambira palipo.

Koma tibwerere pakhonde. Patapita masiku, amalume a mwana uja, eni mbumba, anabwera kwathu ndi buku lake lakuchipatala, lonyowa m'makona. "Aphunzitsi, tawerengani apa, ife zolemba za madokotala zimatipita." Patsamba lina panalembedwa kuti ali ndi zaka ziwiri anagonekedwa atakomoka ndi malungo. Mayi ake anakumbukira: masiku atatu osatsegula maso. Ndinawauza za kafukufuku wa Gretchen Birbeck ndi anzake ku Blantyre, wa mu 2010, amene anatsatira ana 132 opulumuka malungo a mu ubongo: 12 anayamba kugwa khunyu pambuyo pake, pamene mwa ana 264 oyerekezera nawo palibe ndi mmodzi yemwe. Kuno kunyanja khunyu yambiri imalowera makomo otere: malungo, kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi, kumenyetsa mutu pangozi ya njinga yamoto. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko ali ndi khunyu, ndipo mpaka 7 mwa 10 akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Pamenepa sipafunika kompyuta.

Amalumewo anakhala chete, kenako anafunsa funso limene linandiposa: "Nanga ana 120 enawo, malungo omwewo, bwanji iwo sakugwa?" Kukula kwa matendawo kumawerengera, ndinatero, kutalika kwa kukomoka ndi kukula kwa kutentha thupi. Koma mbali ina ya yankho ikhoza kukhala m'zolemba zapanja pa kapepala zija, m'maswichi amene amauza ubongo mmene ungadzitetezere ndi kudzikonza, ndipo kumeneko ndi kumene makompyuta aja akulozetsa nyali. Anagwedeza mutu, napinda bukulo, naliika m'thumba la malaya.

Mwanayo tsopano akumwa phenobarbitone usiku uliwonse. Kunyanja sapita yekha, pamoto sayandikira. Agogo awiri aja akukanganabe, koma tsopano mlandu ndi wakuti kapepala ka mankhwala kazisungidwa kwa ndani mwanayo akapita kutchuthi kutsidya la mlatho.